Nicholas wa ku Myra, bishopu amene ana a ku Netherlands amamuikira nsapato

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, masitolo a kuno kunja amadzaza ndi zithunzi za nkhalamba ya ndevu zoyera yovala zofiira, ndipo ana athu amaidziwa bwino kuposa mmene amadziwira mayina a atumwi. Koma pali dziko lina la ku Ulaya kumene nkhalambayi siidikira Khirisimasi. Ku Netherlands imafika pakati pa Novembala, pa sitima ya pamadzi, itavala ngati bishopu: chisoti chachitali cha mtanda kumutu, ndodo yopindika kunsonga m'dzanja, mkanjo wofiira pamwamba pa mwinjiro woyera. Kumeneko amaitcha Sinterklaas, kufupikitsa dzina lakuti Sint Nicolaas, ndiye kuti Nicholas Woyera. Ana amalandira mphatso zawo madzulo a pa 5 Disembala, ndipo m'mabanja ambiri Khirisimasi imafika za mphatso zitatha kale.

Munthu ameneyu analikodi padziko pano. Sanali Mdatchi, ndipo dziko la Spain, limene ana amauzidwa kuti ndiko kwawo, mulibe m'mbiri ya moyo wake. Anali mbusa wa mpingo wa mumzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Turkey, zaka zoposa 1,600 zapitazo. Ambiri a ife amene tinakulira m'mipingo yosasunga masiku a oyera mtima sitinamvepo za iye ku Sande sukulu, choncho ndaona kuti ndi bwino ndikufotokozereni moyo wake, ndi njira imene anadzera kuti akafike m'nsapato za ana a ku Amsterdam.

Mwambo wa mpingo umati anabadwa cha m'ma 270 mumzinda wa Patara, m'chigawo cha Lycia. Anthu a kumeneko ankalankhula Chigiriki, ndipo dzina lake m'chinenerocho, Nikolaos, limatanthauza chipambano cha anthu. Inu amene mumawerenga Machitidwe a Atumwi, malo amenewa munadutsapo kale. Pa mutu 21, Paulo ali pa ulendo wa ku Yerusalemu anasintha chombo pa Patara. Pa mutu 27, ali mkaidi, anafika pa Myra, ndipo kenturiyo amene ankamuperekeza anapeza pamenepo chombo cha ku Alexandria chopita ku Italy, chomwe chija chinadzasweka pa chilumba cha Malta. Chombocho chinanyamula tirigu. Muzisunge zimenezi, chifukwa tirigu wa ku Alexandria tikumana nayenso kutsogoloku. Myra ndi mzinda umene Nicholas anadzakhala bishopu wake, ndipo lero umatchedwa Demre.

Nicholas sanatisiyire kalata, ulaliki kapena buku. Mbiri yoyamba yofotokoza moyo wake wonse inalembedwa ndi mkulu wina wa amonke, dzina lake Michael, m'zaka za m'ma 800, patapita zaka pafupifupi 500 mwini wake atamwalira. Ndiye kuti zambiri zimene tili nazo ndi zimene Akhristu ankauzana pakamwa, monga mmene kwathu timasungira mbiri ya mafumu akale. Mbiri yotere zaka zimasokonekera, zozizwitsa zimawonjezeka, koma khalidwe la munthuyo silisochera. Ndipo nkhani zonse za Nicholas zimatchula khalidwe limodzi: akamva kuti wina ali pangozi, ankanyamuka nthawi yomweyo.

Makolo ake anali Akhristu olemera, ndipo akuti anamwalira ndi mliri iye akadali mnyamata. Anatsala ndi chuma chambiri popanda womuuza chochita nacho. Mumzinda momwemo munali bambo wina amene kale anali wopeza bwino, koma chuma chinamuthera. Bamboyo anali ndi ana aakazi atatu, onse osinkhuka. Pa mwambo wa kumeneko, mtsikana akamakwatiwa bambo ake ndiwo ankapereka chuma kwa mwamuna, mosiyana ndi malowolo amene ena a ife timawadziwa, amene amachokera kuchimuna. Mtsikana wopanda chuma chimenechi sankapeza banja, ndipo m'nyumbamo munalibe ngakhale chakudya. Bamboyo atasowa pogwira anatsimikiza zoti ana akewo ayambe kugulitsa thupi kuti banja lidye.

Nicholas anamva. Akanatha kupita masana, kugogoda, kupatsidwa mpando, n'kuwerenga ndalamazo anansi akusuzumira, bamboyo akuwomba m'manja. Sanatero. Anamanga ndalama zagolide m'kansalu, nadikira kuti mzinda ugone, n'kuponya kamtoloko pazenera, iye n'kuthawa. M'mawa bamboyo anapeza golide pansi, ndipo anakwatitsa mwana wake woyamba. Patapita nthawi kamtolo kachiwiri kanagweranso m'nyumbamo usiku, wachiwiri nayenso anapita kubanja. Apa bamboyo analeka kugona, kufuna kuona mwini dzanjalo. Usiku umene kamtolo kachitatu kanagwa, anatuluka liwiro, namupeza mnyamatayo, nagwada pamapazi ake. Nicholas anamudzutsa n'kumupempha kuti asauze munthu aliyense. Poti nkhaniyi tikuikamba mpaka lero, zikuoneka kuti bamboyo pakamwa panamuyabwa. Ofotokoza a pambuyo pake anawonjezera kuti golideyo anagwera m'nsapato kapena m'masokosi oyanikidwa pamoto.

Nkhani imeneyi imandikhudza mwezi uno kuposa mwezi wina uliwonse, chifukwa Disembala ndi mwezi umene foni za ife a kunja sizipuma. Kumudzi akufuna feteleza, fizi ya Januwale, mpunga ndi nkhuku ya Khirisimasi, ndipo timatumiza, ena mpaka kudzimana. Zimenezo n'zabwino. Koma taonani katumizidwe kake. Ndalama zisanatengedwe n'komwe, chithunzi cha risiti chili kale pa gulu la WhatsApp la kubanja, ndipo wolandirayo ayenera kuthokoza pomwepo, kuti alamu ake onse pamodzi ndi ana adziwe kuti nyumba yake yalephera. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa moyo wa pamudzi n'zoona, koma ife nthawi zina timaika kuti tidzatape ulemu. Nicholas anaona kuti bambo uja chuma wataya kale, chimene watsala nacho ndi nkhope yake pakati pa anthu, ndipo kumuthandiza masana kukanamulanda chotsalacho. Ambuye Yesu anaphunzitsa pa Mateyu 6 kuti ntchito zachifundo tisamazichite pofuna kuonedwa. Kawirikawiri timamva kuti lamuloli ndi loteteza woperekayo kuti asanyade. Ine ndimaona kuti limatetezanso wolandirayo. Pamaso pa anthu a ku Patara, atsikana atatu aja anakwatitsidwa ndi bambo awo.

Za mmene anakhalira bishopu, nkhani imati bishopu wa ku Myra atamwalira, akuluakulu a mpingo anasowa womulowa m'malo, ndipo mmodzi wa iwo anauzidwa m'maloto kuti asankhe munthu amene adzayambe kulowa m'tchalitchi mamawa. Woyamba kulowa anali Nicholas, kudzapemphera monga mwa chizolowezi chake. Ubishopu wa masiku amenewo sunali wa galimoto ndi nyumba ya mpanda. M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma, Diocletian, inalamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndi mabuku opatulika atenthedwe, kenako kuti atsogoleri a mpingo amangidwe. Chizunzocho chinakula kwambiri kum'mawa kwa ufumuwo, kumene kunali Lycia, ndipo mwambo umati Nicholas anamangidwa ndi kuzunzidwa, n'kudzabwerera kwa nkhosa zake m'masiku a Constantine, Akhristu atapatsidwa ufulu wopembedza mu 313.

M'chaka cha 325 Constantine anaitanitsa mabishopu ku Nicaea kukakambirana chiphunzitso cha Arius, amene ankati Mwana ndi wolengedwa, sali wofanana ndi Atate. Dzina la Nicholas limapezeka pa mindandanda ina ya amene anafika, pa ina yakale kwambiri palibe. Pa intaneti mudzaona zithunzi zoseketsa zonena kuti anamuwomba mbama Arius pamsonkhanopo. Nkhani ya mbamayo inayamba kulembedwa patatha zaka pafupifupi 1,000, ndipo ine ndimaisiya pomwepo. Amene amaikonda kwambiri kawirikawiri amakhala ali ndi wina kumpingo kwawo amene amalakalaka atamuwomba.

Nkhani yakale kuposa zonse, imene inalembedwa zaka mazana angapo Michael asanalembe mbiri yake, si ya mphatso ayi. Constantine anatuma akazembe atatu a nkhondo kukathetsa chipolowe ku Phrygia, ndipo mphepo inawakocheza pa Andriake, doko la mzinda wa Myra. Asilikali awo atayamba kuvuta anthu pamsika, bishopu anapita kukaletsa. Ali nawo akazembewo, kunabwera uthenga wakuti bwanamkubwa wa chigawocho, Eustathius, walandira ziphuphu ndipo waweruza amuna atatu osalakwa kuti aphedwe, ndiye akupita nawo kale. Nicholas anathamanga, akazembewo akumutsatira. Anawapeza amuna aja atagwada, manja omangidwa kumbuyo, nkhope zophimbidwa, wakupha atakweza kale lupanga. Anapyola pakati pa anthu, nagwira lupangalo, naliponya pansi, namasula anthuwo. Sanathere pomwepo. Anapita kunyumba kwa bwanamkubwayo n'kumudzudzula pamaso pa akazembe aja mpaka anavomera mlandu wake, ndipo atavomera anamukhululukira.

Akazembewo atabwerera ku Constantinople, nawonso anawanamizira kuti akufuna kuukira mfumu, ndipo nduna yaikulu, Ablabius, italandira ziphuphu, inakonza zoti aphedwe. Ali m'ndende anakumbukira zimene anaona ku Myra, nalirira Mulungu wa Nicholas. Nkhani imati usiku womwewo bishopuyo anaonekera kwa Constantine ndi kwa Ablabius m'maloto, ndipo kutacha akazembewo anamasulidwa. Mayina a awiri mwa akazembewo, Nepotianus ndi Ursus, pamodzi ndi la Ablabius, amapezekanso m'zolembedwa za boma la Roma la nthawi imeneyo.

Munthu yemweyo amene anabisala mumdima popereka golide, anaima poyera dzuwa likuswa mtengo pogwira lupanga. Ankadziwa chimene chimafuna chinsinsi ndi chimene chimafuna mboni. Ife nthawi zambiri timatembenuza: chopereka chathu chimamveka mudzi wonse, koma mnzathu akamaponderezedwa kuntchito chifukwa mapepala ake sali bwino, timayang'ana pansi. Zimandidabwitsa kuti mwa nkhani ziwirizi, dziko linasunga ya mphatso n'kuiwala ya lupanga, chikhalirecho ya lupanga ndiyo inamutchukitsa poyamba.

Tirigu uja ndi uyu. Ku Lycia kutagwa njala, zombo za tirigu zochokera ku Alexandria kupita ku Constantinople zinaima pa Andriake. Nicholas anapita kudoko kukapempha amalinyero kuti atsitseko pang'ono m'chombo chilichonse. Iwo anakana, chifukwa tiriguyo anali wa mfumu, woyezedwa ponyamuka, ndipo akayezedwanso pofika. Bishopu anawatsimikizira kuti sadzapezeka ndi mlandu, iwo anatsitsa, ndipo akuti atafika muyezo unakwana. Tiriguyo anadyetsa anthu zaka ziwiri, wina n'kutsala wa mbewu. Amene munaona njala ya 2002 kwathu mukudziwa kulemera kwa mawu akuti mbewu inatsala. Nkhokwe yaikulu yamiyala imene mfumu Hadrian inamangitsa pa Andriake ilipobe mpaka lero.

Anamwalira pa 6 Disembala, ndipo chaka chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 343. Anaikidwa ku Myra komweko, manda ake nasanduka malo amene Akhristu ankapitako kuchokera kutali. M'zaka za m'ma 500 mfumu Justinian inamanga tchalitchi cha dzina lake ku Constantinople. Mu 1071 asilikali a ufumu wa Byzantium anagonja kwa a Seljuk pa nkhondo ya ku Manzikert, ndipo dera lonselo linagwedezeka. Amalinyero a ku Bari, mzinda wa kumwera kwa Italy, anapezerapo mwayi. Mu 1087 anafika ku Myra, naswa mandawo amonke oyang'anira akulira, nanyamula mafupa, nafika nawo kwawo pa 9 Meyi. Iwo ankati akuwapulumutsa. A ku Myra ankati awabera, ndipo ine ndikuona kuti a ku Myra sananame. Mafupawo ali ku Bari mpaka lero, pansi pa tchalitchi chachikulu chimene anawamangira. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina wa za thupi la munthu, Luigi Martino, analoledwa kuwayeza, ndipo anapeza kuti ndi a mwamuna wokalamba, wotalika pafupifupi masentimita 167. Kuchokera pa miyezo yakeyo zinaonekanso kuti mphuno ya munthuyo inathyokapo.

Kuchokera ku Bari dzina lake linafalikira ku Ulaya konse, ndipo amene analinyamula kwambiri ndi anthu a panyanja, amene ankamutenga ngati nkhoswe yawo. Pafupifupi doko lililonse linali ndi tchalitchi cha Nicholas. Umu ndi mmene anafikira ku Netherlands, dziko la madzi ndi malonda. Tchalitchi chakale kuposa zonse ku Amsterdam, Oude Kerk, chinapatulidwa mu 1306 m'dzina lake, ndipo iye anakhala nkhoswe ya mzindawo. Anakhalanso nkhoswe ya ana, makamaka chifukwa cha nthano ina ya pambuyo pake yonena kuti anaukitsa anyamata atatu amene anaphedwa ndi munthu wogulitsa nyama. Ku Utrecht, m'zaka za m'ma 1400, osauka ankasiya nsapato zawo m'tchalitchi cha Nicholas pa 5 Disembala, opeza bwino n'kuikamo ndalama, zimene zinkagawidwa m'mawa mwake. Pang'ono ndi pang'ono nsapatoyo inachoka kutchalitchi n'kukakhala pafupi ndi moto wa m'nyumba, ndipo mwini wake anakhala mwana.

Kenako kunabwera kukonzanso kwa mpingo. Mu 1578 Amsterdam inalowa m'manja mwa Apulotesitanti, Oude Kerk inakhala ya mpingo wa Reformed, ndipo alaliki otsatira chiphunzitso cha Calvin anayamba kulimbana ndi chikondwerero cha Nicholas. M'zaka za m'ma 1600 makhonsolo a mizinda ingapo analetsa kugulitsa mabisiketi a chifanizo chake ndi kuchita msika wa tsiku lake. Apa nkhaniyi imatikhudza ena a ife. Mpingo womwewo wa Reformed unapita ndi Adatchi ku Cape, ndipo ana ake ndiwo anafika pa Mvera mu 1889 ndi pa Magwero mu 1899. Ngati munakulira mu Sinodi ya Nkhoma kapena mu Reformed Church in Zambia ndipo simunamvepo za Nicholas, chifukwa chake chinayambira pa maguwa a alaliki amenewo. Mfundo yawo sinali yopanda pake. Ankati mkhalapakati ndi mmodzi yekha, Khristu, ndipo mwana asaphunzitsidwe kuyembekezera zabwino kwa woyera mtima amene anamwalira. Ine mfundoyo ndimagwirizana nayo. Koma anapambana m'tchalitchi mokha, m'nyumba analephera. Amayi anapitiriza kuphika, ana anapitiriza kuika nsapato.

Umboni wake uli mu Rijksmuseum ku Amsterdam, pa chithunzi chimene Jan Steen anajambula cha m'ma 1665. Kamtsikana kakumbatira chidole chake ndi kandowa ka zotsekemera, mayi ake akutambasula manja ngati akupempha, iko kakukana. Mchimwene wake akulira chifukwa m'nsapato yake apezamo mkwapulo, ndipo anzake akumuseka. Mnyamata wina wanyamula khanda, akuliloza ku chumuni, potulukira utsi, kumene amati mphatso zimadzera. Kumbuyo kuli agogo akukodola wolira uja kuseri kwa katani, zikuoneka kuti amubisira kanthu. Aliyense amene analerapo ana aona kuti wojambulayo sanapeke.

Sinterklaas amene Adatchi amamudziwa lero anaumbidwa kwambiri ndi mphunzitsi wina wa ku Amsterdam, Jan Schenkman, m'kabuku ka ana ka zithunzi kamene kanatuluka mu 1850, Sint Nikolaas en zijn knecht, kutanthauza Nicholas Woyera ndi wantchito wake. Kabuku kameneka ndiko kanakhazikitsa m'mitu ya ana chithunzi cha bishopu wofika kuchokera ku Spain pa sitima yoyendera nthunzi, woyenda pakavalo pamwamba pa madenga. Lero mzinda umodzi umasankhidwa chaka chilichonse kuti umulandire m'malo mwa dziko lonse, Loweruka lina pakati pa Novembala, ndipo mwambowu wakhala ukuonetsedwa pa wailesi ya kanema kuyambira 1952. Meya amapita kudoko kukamulandira ngati mlendo wa boma. Palinso pulogalamu ya nkhani ya ana, Sinterklaasjournaal, imene imaulutsa tsiku ndi tsiku mavuto a ulendowo, kaya sitima yasochera kaya mphatso zasowa, ndipo akuluakulu a dziko lonse amagwirizana osaulula chinsinsi. Kuyambira tsiku limene wafika, mwana amaika nsapato yake madzulo pafupi ndi chumuni kapena pakhomo, muli karoti kapena udzu wa kavalo, nthawi zina ndi kakalata, naimba nyimbo, nagona. M'mawa karoti palibe, m'malo mwake muli nachesi, ndalama za chokoleti zokutidwa ndi pepala lagolide, kapena timabisiketi ta zonunkhira totchedwa pepernoten ndi kruidnoten. Ndalama za chokoletizo ndi golide wa ku Patara uja.

Pali zinthu ziwiri zimene zinalowa m'mwambowu zimene sindizipeza mwa Nicholas wa ku Myra. Choyamba ndi buku lalikulu limene Sinterklaas amanyamula, mmene amati munalembedwa zochita za mwana aliyense. Wabwino alandira zotsekemera, wosamvera alandira mkwapulo, ndipo kale ana ankaopsezedwa kuti wosamvera kwambiri aikidwa m'thumba n'kupita naye ku Spain. Makolo a masiku ano anazisiya zoopsezazo, ndipo anachita bwino. Bambo wa ku Patara uja sanali ndi mbiri yabwino m'buku lililonse. Anali pafupi kuchita choipa chachikulu kwa ana ake omwe, ndipo golide anamugwera usiku womwewo. Chimenecho chimatchedwa chisomo, ndipo sichiyendera malikisi.

Chachiwiri ndi cholemera kwa ife. Wantchito wa m'kabuku ka Schenkman anali munthu wakuda, ndipo kabukuko kanatuluka ukapolo usanathe m'maiko olamulidwa ndi Adatchi, pakuti ku Suriname ndi ku zilumba zawo za ku Caribbean unathetsedwa mu 1863. Wantchitoyo anadzapatsidwa dzina lakuti Zwarte Piet, Piet wakuda, ndipo kwa zaka zoposa 100 azungu ankadzipaka nkhope utoto wakuda, milomo yofiira, tsitsi lopotana la wigi ndi ndolo zagolide, n'kumavina mozungulira bishopu woyera wokwera pakavalo. Ambiri a iwo ankati n'zosangalatsa ana chabe, ndipo kuda kwake ndi mwaye wa m'chumuni. Koma mwaye sufiiritsa milomo. Ana akuda a m'dzikomo ndiwo ankasenza katunduyo, kuitanidwa Piet kusukulu ndi m'misewu Novembala aliyense. Mu 2011, pa tsiku lolandira Sinterklaas ku Dordrecht, Quinsy Gario ndi Jerry Afriyie anamangidwa ndi apolisi atavala malaya olembedwa kuti mwambowo ndi tsankho. Mkangano unakula chaka ndi chaka, mpaka mabanja kudana. Mu 2016 ofesi yoona za ufulu wa ana m'dzikomo inanena kuti maonekedwe a Piet akhoza kuchititsa kuti ana azinyozedwa ndi kusalidwa. Kuyambira 2019 mwambo wa pa wailesi ya kanema uli ndi a Piet a timizere ta mwaye pamasaya basi, khungu lawo likuoneka, ndipo mu 2020 nduna yaikulu ya nthawiyo, Mark Rutte, amene kale ankaikira kumbuyo mwambo wakalewo, ananena kuti wasintha maganizo. M'midzi ina akadalimbikirabe zakale. Abale amene muli ku Netherlands ndi ku Belgium, mwana akabwera kusukulu ndi funso limeneli, mukhoza kumuuza mosakayika kuti bishopu wa ku Myra analibe wantchito wotero, ndipo nkhani yakale kwambiri ya moyo wake ndi yomasula anthu omangidwa manja.

Za nkhalamba ya m'masitolo ija ndingonena mwachidule. Mzinda wa New York unayamba ngati New Amsterdam, mudzi wa Adatchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 olemba a kumeneko, monga Washington Irving, anatola dzina la Nicholas wa Adatchi, ndipo Sinterklaas anasanduka Santa Claus. Anamuvula chisoti cha mtanda, namuchotsera ndodo ya ubusa, namusamutsira pa Khirisimasi. Zithunzi zotsatsa malonda za Coca-Cola kuyambira 1931 zinathandiza kufalitsa nkhope imene tonse timaidziwa. Adatchi anasunga wawo, ndipo pa iye mtanda ukadali pachisoti.

Tsiku lenileni ndi madzulo a pa 5 Disembala, amene amawatcha pakjesavond, madzulo a mphatso. Ku Belgium ana amapeza zawo m'mawa wa pa 6. M'mabanja amene ana akula, anthu amachita maere masabata angapo tsikulo lisanafike, aliyense n'kutola dzina la amene amugulire, osaulula. Mphatsoyo imabisidwa m'chinthu choseketsa chopangidwa pamanja ndi makatoni, ndipo imabwera ndi ndakatulo yoseka zofooka za wolandirayo m'chaka chimenecho, amene ayenera kuiwerenga mokweza banja lonse likumva. Pansi pa ndakatuloyo salembapo dzina la wogula. Amasainira Sint kapena Piet, ndipo wolandirayo amathokoza Sinterklaas, ngakhale akuona mlongo wake akudziletsa kuseka pakona. Ambiri amalandiranso chilembo choyamba cha dzina lawo chopangidwa ndi chokoleti.

Kumene kuli ana aang'ono zimayenda mwina. Banja limakhala pabalaza likuimba, kunja kwada kale chifukwa nyengo imeneyi dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Mwadzidzidzi chitseko chimagogodedwa mwamphamvu, nthawi zina dzanja lovala gulovu limaponya timabisiketi m'nyumba. Ana amathamangira kukhomo, natsegula. Pakhomo pali thumba la chiguduli lodzaza ndi mphatso, mumsewu mulibe munthu. Amene wagogodayo amakhala mnansi amene makolo anapangana naye masana, ndipo pamene ana akukokera thumbalo m'nyumba, iye amakhala atalowa kale kwake n'kutseka chitseko.